Ufa Wokolola Madzi Mumpweya: Ungathandize Chiyani ku Glen View ndi ku Mabvuku?

Pa 8 Okutobala 2025 kunalengezedwa ku Stockholm kuti mphoto ya Nobel ya kemisitiri yapita kwa akatswiri atatu: Susumu Kitagawa wa ku Kyoto, Richard Robson wa ku Melbourne ndi Omar Yaghi wa ku Berkeley, ku California. Anawapatsa mphotoyi chifukwa cha mtundu wina wa ufa umene akatswiri amautchula mwachidule kuti MOF. Manyuzipepala ambiri anatolapo mfundo imodzi yokoma m'khutu, yakuti ufawu umatha kukolola madzi mumpweya wa m'chipululu. Mawu otere akafika ku Mabvuku, ku Tafara, ku Glen View kapena ku Budiriro, malokeshoni a mumzinda wa Harare, sangangodutsa. Kumeneko kuli mabanja amene mipopi yawo inauma kalekale, amayi olawirira kukaima pamzere wa pamjigo kunja kusanache, ndi ana a ku pulayimale odziwa kale kulemera kwa chigubu cha malita 20.

Pakati pa anthu a m'malokeshoni amenewa pali abale athu ochuluka. Agogo awo anachoka ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete kukafuna ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury (Harare wa lero), ndipo ambiri sanabwerere kumudzi. Mpaka lero gule wamkulu amatuluka ku Mbare, ku Mufakose ndi ku Mabvuku. Ludzu la ku Harare likutikhudza, ndipo si losiyana kwenikweni ndi la ku Ndirande kapena ku Mtandire.

Ine ndikuona kuti ufawu ndi chinthu chachikulu ndithu. Koma phindu lake kwa anthu a ku Zimbabwe ndi ife tonse a m'chigawo chino silili pamene manyuzipepala analoza. Lili pa ntchito ina yosatchuka, ya makatalisiti, ndipo ntchitoyo inayambika kale ku Gweru.

Zimene chimera chimachita m'phala

Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amagwiritsa ntchito katalisiti. Akaphika phala amalisiya kuti lizizireko, kenako n'kuthiramo chimera. Posakhalitsa phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. M'mawere kapena m'chimanga chomeretsa muli mapuloteni ena amene amadula ufa wa m'phalamo kuti usanduke shuga. Mapuloteniwo sasanduka shuga, ndipo satha msanga: akadula apa amapita kukadula pena. Mayiyo amadziwanso kuti akathira chimera phala lili lowira, thobwa silitsekemera, chifukwa kutentha kwapha mphamvu yake. Katalisiti aliyense ndi wotero. Amafulumizitsa kusintha kumene pakokha kukanatenga nthawi yaitali, iye mwini satha nako, amafunika wochepa chabe, koma ali ndi zinthu zomupha. Katswiri wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, ndiye anayamba kufotokoza khalidweli monga nthambi yapayokha ya sayansi mu 1835. Masiku ano zinthu zambiri zotuluka m'mafakitale a mankhwala, kuyambira petulo mpaka pulasitiki, zimadutsa pa katalisiti penapake.

Chitsanzo chimene chimalowa m'mimba mwa aliyense ndi feteleza. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, chakudya chenicheni cha chimanga. Koma maatomu ake amagwirana awiriawiri mwamphamvu kwambiri moti chimanga sichingawadye chonsecho chili pakati pawo. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anaonetsa kuti nayitirojeni angathe kuphatikizidwa ndi haidirojeni n'kupanga amoniya, ndipo mu 1913 Carl Bosch ndi kampani ya BASF anatsegula fakitale yoyamba ku Oppau. Katalisiti wake ndi chitsulo wamba chosakaniza ndi tina tochepa, pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500 ndi mpweya wopanikizidwa koopsa. Thumba lililonse la urea limene mlimi wa ku Dowa amalimbirana pa depoti linayambira pamenepo. Akatswiri amawerengera kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amadya chakudya cholimidwa ndi nayitirojeni wochokera m'njira imeneyi.

Zimbabwe ili ndi mbiri yakeyake pa nkhaniyi. Pafupi ndi Kwekwe pali fakitale ya Sable Chemical Industries, yopanga feteleza wa ammonium nitrate. Kwa zaka zoposa 40 fakitaleyi inkapeza haidirojeni wake pogawa madzi ndi magetsi a ku Kariba, njira imene mayiko olemera akuithamangira lero ndi kuitcha yatsopano. Makina ogawa madziwo anazimitsidwa mu 2015 chifukwa magetsi anachepa ndi kukwera mtengo, ndipo amoniya anayamba kubwera pa sitima kuchokera ku South Africa. Nkhani ya Sable muisunge, chifukwa tikumana nayonso kutsogoloku.

Palinso pulatinamu. Pakati pa dziko la Zimbabwe padutsa mzere wa miyala wotchedwa Great Dyke, wotalika makilomita oposa 500, ndipo m'menemo muli migodi ya Zimplats ku Ngezi, Unki ku Shurugwi ndi Mimosa ku Zvishavane. Pa mayiko okumba pulatinamu, Zimbabwe ndi yachitatu, kutsatira South Africa ndi Russia. Msika waukulu wa pulatinamu ndi zitsulo zinzake, palladium ndi rhodium, ndi kabokosi kamene kamakhala pa paipi ya utsi pansi pa galimoto. M'kabokosimo muli magalamu ochepa chabe a zitsulozi, opakidwa mopyapyala kwambiri m'timabowo tambirimbiri, ndipo utsi ukamadutsa, mpweya wakupha wa carbon monoxide ndi mafuta osapsa bwino zimasanduka zosaopsa kwenikweni. N'chifukwa chake kabokosika kamabedwa m'mizinda yambiri. Tsono taonani ulendo wake: mwala ukumbidwa ku Ngezi, usungunulidwa ku Selous, upita ku South Africa kukayengedwa komaliza, ulowa m'fakitale ya makatalisiti, ukwera galimoto yatsopano ku Japan, ndipo patatha zaka khumi ubwerera ku Harare pansi pa galimoto yakale yonyamula anthu a ku Kuwadzana. Ndalama yaikulu imatsala kwa amene amadziwa kusandutsa chitsulo kukhala katalisiti.

Chifukwa chake mabowo ndi ofunika

Katalisiti wolimba amagwira ntchito ndi khungu lake lokha. Maatomu a pamwamba ndiwo amakumana ndi mpweya kapena madzi odutsa, pamene a m'kati amangokhala. Ngati chitsulo chako n'chodula ngati pulatinamu, umafuna kuti atomu iliyonse ikhale poyera. Njira yake ndi kukhala ndi chinthu chodzaza ndi timabowo, kuti khungu lichuluke m'kati mwa kanthu kochepa.

Zinthu zamabowo zinalipo kale. Makala otenthedwa mwapadera, aja amathira m'malo oyeretsera madzi kuti achotse fungo, amakhala ndi khungu lokwana masikweya mita pafupifupi 1,000 pa galamu imodzi. Miyala yotchedwa zeolite yakhala ikugwira ntchito m'mafakitale oyenga mafuta kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Koma mabowo a makala ndi osalongosoka, ena aakulu ena aang'ono, ndipo mitundu ya zeolite ndi yowerengeka. Katswiri ankatenga zimene wapeza. Sankatha kukhala pansi n'kunena kuti, ndikufuna bowo lalikulu chonchi, lokhala ndi chitsulo chakuti pakhoma pake.

Apa ndi pamene atatu aja anasinthira zinthu. Richard Robson anapeza ganizo lake mu 1974 akukonza timipira tathabwa ndi timitengo tophunzitsira ana asukulu mmene maatomu amalumikizirana. Anaona kuti malo amene waboola pa kampira ndiwo amalamula maonekedwe a chinthu chonse chikamangidwa. Mu 1989, iye ndi Bernard Hoskins anasakaniza kopa ndi molekyu ya mikono inayi, ndipo zinadzimanga zokha kukhala mwala wonyezimira wokhala ndi zipinda zikuluzikulu m'kati. Yerekezani nyumba imene angoimika mitengo yokha, isanaphomedwe ndi dothi: pali mizati ndi mitanda, pali mfundo zomanga ndi luzi, ndipo kwina konseko ndi mpata. Mu MOF, mfundozo ndi maatomu a chitsulo, mitengoyo ndi mamolekyu aatali okhala ndi kaboni. Ukasintha mfundo kapena kutalika kwa mtengo, wasintha kukula kwa chipinda ndi zimene zingalowemo.

Zimene Robson anamanga zinali zosalimba, ndipo ambiri anazinyoza kuti n'zopanda ntchito. Mu 1997 Kitagawa anaonetsa kuti mpweya wa methane, nayitirojeni ndi okosijeni ungalowe ndi kutuluka m'zinthu zotere popanda kuzigumula. Mu 1999 gulu la Yaghi linatulutsa MOF-5, womangidwa ndi zinki, amene anakhalabe chiimire ngakhale atamuchotsa zonse za m'kati ndi kumutenthetsa mpaka madigiri 300. Magalamu awiri kapena atatu a ufa umenewu ali ndi khungu lam'kati lofanana ndi bwalo lonse la mpira. Kuchokera pamenepo chitseko chinatseguka. Chaka chomwecho ku Hong Kong kunatulukanso HKUST-1 wa kopa, ku Versailles gulu la Gérard Férey linapanga MIL-101 mu 2005, ku Oslo kunatuluka UiO-66 mu 2008, wa chitsulo cha zirconium, amene anatchuka chifukwa saopa madzi. Kusaopa madziku si nkhani yaing'ono, pakuti MOF-5 weniweniyo amaonongeka akangokhalitsa mumpweya wachinyontho. Lero mitundu ya MOF yolembedwa m'mabuku a akatswiri ndi masauzande makumi ambiri, koma imene yafika pogulitsidwa ndi kugwira ntchito m'mafakitale ndi yochepa kwambiri.

Madzi a mumpweya, tiwawerengere

Omar Yaghi ludzu amalidziwa. Anabadwira ku Amman, ku Jordan, mu 1965, m'banja la othawa kwawo ochokera ku Palestine, ndipo wakhala akusimba kuti ali mwana madzi ankabwera kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kwa maola ochepa, iye n'kumadzuka m'mamawa kukatsegula mipopi kuti banja litunge. Munthu wa ku Tafara sangafunike womasulira pa nkhani imeneyo. N'zomveka kuti iye ndiye analimbikira kufufuza za madzi.

Ufa wake umagwira ntchito motere. Usiku kukazizira, chinyontho cha mumpweya chimalowa m'timabowo n'kumamatira m'makoma. Masana dzuwa likautentha, madziwo amatuluka ngati nthunzi, nthunziyo ikakhudza chinthu chozizira imasanduka madontho. Chodabwitsa n'chakuti ufawu umakoka madzi ngakhale mpweya utauma kwambiri, pamene makina ena ambiri amalephera kapena kudya magetsi osaneneka. Mu 2017 gulu la Yaghi ndi la Evelyn Wang wa ku MIT anaonetsa kachipangizo koyamba. Mu 2019, m'chipululu cha Mojave, chipangizo chokhala ndi MOF-303 wa aluminiyamu, chothandizidwa ndi mafani ndi magetsi a sola, chinatulutsa madzi okwana malita 0.7 pa kilogalamu ya ufa pa tsiku. Mu Ogasiti 2022 anayesa china chodalira dzuwa lokha m'chipululu cha Death Valley, ndipo chinapereka magalamu 210 a madzi pa kilogalamu pa tsiku, pamene ku Berkeley chinapereka magalamu 285.

Tsopano titenge banja la anthu 6 ku Glen View. Bungwe la WHO limati munthu mmodzi amafunika malita osachepera 20 pa tsiku kuti amwe, aphike ndi kudzisamalira pang'ono. Banjali likufunika malita 120. Pa mlingo wa ku Mojave uja, pafunika ufa woposa makilogalamu 170, kuphatikizapo mafani, mabatire ndi masola. Tikati tingoganizira madzi akumwa okha, malita 3 pa munthu, pafunikabe makilogalamu 26, ndipo pa chipangizo chodalira dzuwa lokha pafunika oposa 60. Zipangizo zatsopano zikupita patsogolo, ndipo Yaghi ali ndi kampani yake, Atoco, yofuna kuzifikitsa pamsika. Ndikukhulupirira kuti tsiku lina zidzapulumutsa miyoyo pa chipatala cha kumudzi kouma kumene mjigo sutulutsa madzi, kapena pamene namondwe ngati Idai kapena Freddy waononga zitsime zonse. Koma kuchapa, kusamba ndi kugejemula chimbudzi mumzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri ndi nkhani ya mtundu wina.

Ndiponso Harare si chipululu. Imalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 800 pa chaka. Vuto lake ndi lakuti mzindawu unamangidwa kumtunda kwa damu limene umamwa. Lake Chivero, imene inamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame, ili kumunsi, ndipo mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imatsetserekera komweko itadutsa mumzinda ndi kulandira zotuluka m'malo oyeretsera za m'zimbudzi a Firle ndi Crowborough. Malo amenewa anamangidwira anthu ochepa kuposa amene alipo lero, mapaipi ake ndi okalamba, ndipo akaphulika zonyansa zimayenda m'misewu ndi m'ngalande mpaka kumtsinje. Zonyansazo ndi chakudya cha ndere, ndipo ndere zina zimatulutsa poizoni. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi a m'damuli, boma n'kuletsa usodzi. Madzi omwewo ndi amene amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, malo aakulu oyeretsera madzi a mzindawu, kumene pamafunika mankhwala amitundu ingapo kuti amweke: alamu wokhazikitsa matope, makala ochotsa fungo, laimu, klorini ndi ena. Madzi akaipiraipira, mankhwala amachuluka, ndipo ambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Sepitembala 2019 malowa anatsekedwa kwa kanthawi chifukwa mankhwala anatha. Mzindawu umafuna malita pafupifupi 1,200 miliyoni pa tsiku, koma umalandira ochepa kwambiri kuposa pamenepo, ndipo ena amatayika m'mapaipi obooka asanafike pakhomo la munthu. Malokeshoni a kum'mawa monga Mabvuku ndi Tafara ali kutali ndi Morton Jaffray, choncho ndiwo amayamba kuuma.

Mpopi ukauma anthu amakumba chitsime pakhomo kapena kupita kumjigo, ndipo nthaka imene akutungamo ndi yomweyo imene mapaipi a zimbudzi akuchuchira. Zotsatira zake tikuzidziwa. Mliri wa kolera wa 2008 mpaka 2009 unagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro inali pakati pa malo ovutika kwambiri. Mu Sepitembala 2018 kolera inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, anthu oposa 50 anamwalira, ndipo mijigo ina inapezeka ndi tizilombo. Mu 2023 inafika ku Kuwadzana. Ku Malawi nako, mliri wa 2022 mpaka 2023 unatenga anthu oposa 1,700. Kachilombo ka kolera sikafuna ufa wa mphoto ya Nobel kuti kafe. Klorini wa mtengo wochepa amakapha, kuwiritsa madzi kumakapha, ndipo paipi yosabooka imakatsekereza kutali. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndingadandaule kwambiri nditamva mtsogoleri aliyense akulonjeza anthu a ku Budiriro madzi a mumpweya pamene ngalande ya zonyansa ikuyenda pakhomo pawo.

Izi sizikutanthauza kuti MOF alibe gawo pa madzi a ku Harare. Pali zoipa zina zimene klorini sazikhudza: mtovu, mercury amene amathiridwa ndi okumba golide m'mitsinje, zotsalira za mankhwala a kuchipatala, poizoni wa ndere. Apa m'pamene bowo lopimidwa bwino lingapose makala. Mu 2018 gulu la Wendy Queen ku EPFL, ku Switzerland, linaonetsa MOF wa chitsulo wosakaniza ndi polima amene anachotsa mtovu ndi mercury m'madzi m'kanthawi kochepa kwambiri. Ofufuza ena aonetsa kuti MOF wina amagwira mankhwala osaola otchedwa PFAS. Koma zambiri mwa zoyesazi zimachitika ndi madzi ochepa mu labu. Madzi a mu Chivero ali ndi matope, ndere, mchere ndi fosifeti wambiri, ndipo fosifeti amadziwika kuti amadya ngakhale MOF wolimba wa zirconium. Ufa umene ungatithandize ndi umene wayesedwa ndi madzi amenewo, kwa miyezi, n'kuonetsa kuti ukhoza kutsukidwa ndi kugwiritsidwanso ntchito, kuti sukusiya chitsulo chake m'madzi akumwa, ndiponso kuti mtengo wake ukupikisana ndi wa makala. Kuyesa kotereku sikungachitikire ku California.

Zimene zikuchitika ku Gweru

Ntchito imene MOF wayamba kale kugwira m'fakitale ndi yogwira mpweya wa carbon dioxide. Ku yunivesite ya Calgary, ku Canada, gulu la George Shimizu linapanga CALF-20, wa zinki, amene amasankha mpweyawu mu utsi ngakhale utsiwo uli ndi chinyontho. Kampani ya Svante inamuyesa pa fakitale ya simenti ya Lafarge ku Richmond, ku British Columbia, n'kumagwira pafupifupi tani imodzi pa tsiku, ndipo BASF inayamba kumupanga wochuluka. Anthu a ku Mabvuku ndi ku Tafara ali ndi fakitale ya simenti pafupi nawo, ku Manresa, imene kale inali ya Lafarge ndipo tsopano ikutchedwa Khayah Cement, motero chumuni cha simenti si chachilendo kwa iwo. Koma ukaugwira mpweyawo, upita nawo kuti? Mayiko ena amaupopera pansi pa nthaka. Njira ina ndi kuusandutsa chinthu chogulitsika, ndipo apa mabowo ndi katalisiti zimakumana.

Ku Midlands State University, ku Gweru, kuli Dr Gift Mehlana, amene anaphunzira za MOF ku University of Cape Town pansi pa Pulofesa Susan Bourne, n'kubwerera kwawo kukayambitsa gulu lofufuza. Mu 2020 gululi, mogwirizana ndi Pulofesa Banothile Makhubela wa ku University of Johannesburg ndi ena, linafalitsa zotsatira za ntchito imene wofufuza Piwai Tshuma anali patsogolo pake. Anamanga MOF wa chitsulo cha lanthanum, n'kumangirira maatomu a ruthenium m'makoma a timabowo take. Atalowetsamo carbon dioxide ndi haidirojeni, panatuluka formate, m'bale wake wa formic acid, mankhwala ogwiritsidwa ntchito pofufuta zikopa ndi posunga chakudya cha ng'ombe, amenenso angathe kukhala chosungiramo haidirojeni. Chaka chomwecho anachitanso zofanana ndi palladium. Mitundu ya MOF imene anapanga anaipatsa dzina loyamba ndi zilembo JMS.

Ubwino womangirira katalisiti mu MOF ndi uwu. Katalisiti wosungunuka m'madzi amagwira ntchito mwachangu ndi molunjika, koma pomaliza zimavuta kumulekanitsa ndi zimene wapanga, ndipo chitsulo chodula chimatayika. Katalisiti wolimba savuta kumusefa, koma maatomu ake ambiri amabisika, ndipo katswiri sadziwa bwino kuti ntchito ikuchitikira pati. Mu MOF atomu iliyonse ya ruthenium imakhala payokha, pamalo odziwika, poyera, osatha kuunjikana ndi inzake n'kufa mphamvu, ndipo ntchito ikatha ufawo umasefedwa n'kubwezedwanso mumphika. Bowo lenilenilo limathandizanso, chifukwa limakokera mpweya pafupi ndi chitsulo.

Chimene chimandikhudza mtima pa ntchito ya ku Gweru ndi zitsulo zake. Ruthenium ndi palladium ndi za m'banja la pulatinamu, ndipo zili m'miyala ya Great Dyke, mtunda wochepa kuchokera pa yunivesiteyo. Lanthanum ali m'miyala ya ku Kangankunde, ku Balaka, ndi ku Songwe Hill, ku Phalombe. Ngakhale mitengo yomangira ija ingapezeke pafupi. Molekyu yolumikiza zinki mu MOF-5 ndi zirconium mu UiO-66 ndi terephthalic acid, yomweyo imene amapangira mabotolo apulasitiki a madzi ndi zakumwa. Ku CSIR, ku Pretoria, Jianwei Ren, Henrietta Langmi, Nicholas Musyoka ndi anzawo anaonetsa mu 2016 kuti mabotolo otayidwa angaphwanyidwe n'kupangira MOF wosungira haidirojeni. Mabotolo otere adzaza m'ngalande za ku Mbare ndi ku dzala la Pomona. Zopangira zili m'chigawo chino. Chosowa kwa nthawi yaitali chinali anthu odziwa kuziphatikiza, ndipo anthuwo ayamba kupezeka.

Komabe pali malire amene katalisiti sangadumphe. Carbon dioxide ndi phulusa la moto umene unayaka kale, mphamvu yake inatuluka. Kuti umubweze akhale mafuta ngati methanol, amene angayake m'mbaula popanda utsi wa nkhuni, uyenera kubwezeramo mphamvuyo, ndipo katalisiti sabweretsa mphamvu, amangofupikitsa njira. Mphamvuyo imabwera ndi haidirojeni, ndipo haidirojeni woyera amachokera ku madzi ogawidwa ndi magetsi. Tafikanso pa Sable. M'dziko limene magetsi amatha kuzima maola 18 pa tsiku madzi akachepa ku Kariba, monga zinachitikira kumapeto kwa 2022 ndi mu 2024, palibe amene angapange methanol wotchipa kuposa gasi amene amayi a ku Highfield amagula pa kilogalamu m'tizisakasa ta m'mbali mwa msewu. Kemisitiri yotere idzapindula pokhapokha minda ya masola itachuluka mpaka magetsi a masana kumatsala. Dzuwa lokhalo lilipo lokwanira.

Malire ena ndi a ndalama ndi zipangizo. Kuti katswiri atsimikize kuti wamanga chimene amafuna, ayenera kuona mmene maatomu akhalira pogwiritsa ntchito makina a X-ray odula kwambiri, ofuna magetsi osazimazima ndi amisiri owakonza. Kuyesa haidirojeni kumafuna miphika yachitsulo yopirira mpweya wopanikizidwa. N'chifukwa chake ubale wa Gweru ndi Cape Town ndi Johannesburg uli wofunika, ndipo ofufuza a ku Zomba, ku Thyolo ndi ku Lusaka angapindule kulowa mu ubale womwewo m'malo moti aliyense ayambe payekha. Dr Mehlana anali mmodzi mwa akatswiri achinyamata a mu Africa othandizidwa ndi pulogalamu ya FLAIR, ya Royal Society ya ku London ndi African Academy of Sciences. Mu 2021 boma la Britain linadula ndalama zothandizira mayiko ena, ndipo pulogalamuyo inakhudzidwa kwambiri, ofufuza ambiri ntchito ili pakati. Kafukufuku wa makatalisiti amatenga zaka khumi kapena kuposerapo kuti achoke pa magalamu a mu labu kufika pa matani a m'fakitale. CALF-20 anadutsa njira yotalika chomwecho, ndipo anali ndi kampani yomuyembekezera ndi fakitale yomuyeserapo. Makampani okumba pulatinamu ku Ngezi, ku Shurugwi ndi ku Zvishavane, fakitale ya simenti ya ku Manresa ndi khonsolo ya mzinda wa Harare ndi amene ali ndi chitsulo, utsi ndi madzi oipa zimene ofufuza a ku Gweru akufunika kuyeserapo ufa wawo.